Dzina la Lendi

Kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg, m'dera la Randburg, moyandikana ndi sitolo zikuluzikulu za Northgate, kuli chinyumba cha denga lobulungira ngati mphika wovundikira. Chinyumbachi chidatsegulidwa mu Epulo 1998. Usiku wotsegulirawo kudayimba Diana Ross, ndipo Nelson Mandela, amene panthawiyo adali mtsogoleri wa dziko la South Africa, adatulukira pa nsanja anthu asakuyembekezera. Mkati mwake munkalowa anthu okwana 20,000, ndipo kwa zaka zoposa 20 oyimba otchuka a m'dzikomo ndi a kunja komwe ankadzasangalatsa anthu m'menemo. Munkachitikanso zionetsero za malonda ndi masewero osiyanasiyana.

Pobadwa, chinyumbachi chidatchedwa MTN Sundome, potengera kampani ya mafoni a m'manja. Dzinali litachoka chidakhala ndi dzina longofotokoza pomwe chili, The Dome at Northgate. Kenaka chidasanduka Coca-Cola Dome, dzina lomwe ambiri a msinkhu wanga adachidziwira. Mu 2015 chidakhala Ticketpro Dome, potengera kampani yogulitsa matikiti. Mu 2021 chidagulitsidwa kwa kampani ya WeBuyCars, ndipo nyimbo zidathera pomwepo.

Kumudzi kwathu, mwana wosakwana zaka 25 atapezeka kuti wadya kale mayina asanu, akuluakulu akadakhala pansi n'kufunsana kuti kodi mnyamatayu akuthawa chiyani, pakuti munthu wosinthasintha mayina timamuganizira ngongole kapena mlandu. Koma ku Johannesburg kudalibe amene adadabwa, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mayinawa ndi a lendi: kampani imalipira ndalama, dzina lake likhala pakhomo kwa zaka zimene agwirizana, nthawi ikatha lichoke, libwere la wina. Funso limene lakhala likundivutitsa ndi lakuti, kodi dzina la malo amene anthu amasonkhanapo ndi katundu woti n'kuchititsa lendi? Nanga ngati ndi katundu, mwini wake weniweni ndani?

Akatswiri a nzeru zakuya adalimbana nalo kalekale funso la ubale wa dzina ndi chinthu. Mu 1892 Gottlob Frege adapereka chitsanzo cha nyenyezi ya m'mawa ndi nyenyezi ya madzulo, zimene zili chinthu chimodzi, Venus, ngakhale kuti munthu akhoza kudziwa mayina onse awiri osazindikira kuti akuloza malo amodzi. Makolo athu adali nacho chitsanzo chomwechi mwa njira yawo. Malinga ndi zimene adalemba Alice Werner, Anyanja ankati mwezi uli ndi akazi awiri: Chekechani wa kum'mawa, amene amamana mwamuna wake chakudya mpaka kuwonda, ndi Puikani wa kumadzulo, amene amamudyetsa mpaka kunenepa. Nyenyezi ndi imodzi, koma mbiri ndi ziwiri, ina ya mkazi woumira, ina ya mkazi wopatsa. Dzina silingoloza chabe ngati chala. Limanyamulanso njira imene tidadzera pochidziwa chinthucho. Amene adavina mu Coca-Cola Dome ndi amene adavina mu Ticketpro Dome adaponda simenti imodzi, komabe akamakumbutsana zakale amayamba amasulirana mayina, ndipo dzina limene munthu watchula limaulula msinkhu wake.

Saul Kripke, m'maphunziro amene adakamba mu 1970, adati dzina limayamba ndi mwambo wonga ubatizo, kenaka limayenda kuchoka pakamwa pa uyu kupita pakamwa pa uyo ngati unyolo. Gareth Evans adamuyankha mu 1973 ndi chitsanzo cha Madagascar, dzina limene lidali la dera lina la kumtunda kwa Africa koma lidatsetserekera ku chilumba chifukwa cha kusamvetsa kwa Marco Polo, mpaka lero lili komweko. Wobatiza amangoyambitsa, omaliza nkhani ndi oyankhula. Koma akatswiri onsewa sadaganizire za ubatizo wokhala ndi tsiku lothera ntchito lolembedwa pa pepala, ngati mankhwala a m'botolo.

Nditayamba kulingalira nkhaniyi ndidafulumira kuweruza kuti cholakwika ndi ndalama, kuti dzina ndi chinthu chopatulika chosayenera kukhudzana ndi msika. Ndidabweza mawuwa nditakumbukira mwambo wathu womwe. Mwana akatuluka m'chikuta, munthu amene wapatsidwa ulemu womutcha dzina sabwera chimanjamanja. Amabwera ndi nkhuku, nsalu, kapena kangachepe ka m'thumba. Tsono ndalama ndi dzina sizidayambire ku Johannesburg kukumana. Nafenso wotcha dzina amalipira.

Komatu mphatso imeneyi ndi yoyamba chabe pa zambiri. Wotcha dzina wadzimangirira kwa mwanayo: adzafunsa za sukulu yake, adzabwera akadwala, adzaoneka pa ukwati wake, ndipo mwanayo akadzalakwa, manyazi ena adzagwera iye. Chimene walipira ndi khomo lolowera mu ubale umene ulibe tsiku lothera. Sindidamvepo za malume amene adabwera patatha zaka zisanu n'kunena kuti, nthawi yakwana, ndibwezereni dzina langa ndikapatse mwana wa mudzi wina amene akuoneka bwino kuposa uyu.

Sikuti ife sitisintha mayina ayi. Timasintha, mwinanso kuposa Azungu. Wotuluka ku chinamwali amalandira dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina la paubwana ndi chipongwe. Mkazi akabereka amasanduka amake a uje, mwamuna atate ake a uje. Wolowa ufumu amasiya dzina lake n'kuvala la mpando, monga zimakhalira ndi Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia. M'zonsezi dzina limasintha chifukwa mwini dzina wasintha: wakula, wabereka, wasenza udindo. Dzina latsopano ndi umboni wa chimene chachitika mwa munthuyo. Nanga pamene Coca-Cola Dome idasanduka Ticketpro Dome mu 2015, chidasintha n'chiyani pa chinyumbacho? Denga lidali lomwelo, makomo omwewo, magule omwewo. Chimene chidasintha chidali m'mabuku a ndalama zotsatsira malonda, mu ofesi ina kutali ndi Northgate. Mayina asanu aja, munthu akawaika pamzere, safotokoza mbiri ya chinyumbacho. Amafotokoza mbiri ya makampani amene adali ndi ndalama zapadera m'chaka chakutichakuti.

Tiyeni tifunse tsono kuti chimene chimagulitsidwa pa mgwirizano wotere n'chiyani kwenikweni. Sichikwangwani, pakuti chikwangwani kampani ikhoza kuchikhoma pa msewu uliwonse pa mtengo wotsika. Chimene kampani ikufuna ndi chakuti dzina lake lilowe m'ziganizo za anthu. Ikufuna kuti muulutsi wa pa wailesi alitchule polengeza za oyimba, mtolankhani alilembe m'nyuzipepala, mnyamata alilembe m'uthenga wopita kwa bwenzi lake pouzana kokakumana, mlendo alitchule kwa dalaivala wa takisi pofunsa njira. Kutsatsa malonda kwa masiku onse munthu ukhoza kukupewa: utseka wailesi, utembenuza tsamba. Koma dzina la malo sungalipewe ngati ukufuna kufika kumeneko kapena kufotokozera mnzako kumene udali dzulo. Choncho wogulitsa ndi mwini nyumba, wogula ndi kampani, koma katundu wake ndi lilime la munthu wachitatu, amene sadaitanidwe pokambirana mtengo ndipo salandira kanthu. Kumudzi tikadati munthu wachititsa lendi munda wa mnansi wake. Kwa ine monga wophunzitsa za chiyankhulo, apa ndi pamene pali mfundo yovuta kumasula, chifukwa chiyankhulo ndi chuma chokhacho chimene wolemera ndi wosauka ali nacho mofanana, ndipo palibe amene adachigula.

Pali mayankho kwa ine, ndipo ena ndi olimba. Chinyumba cholowa anthu 20,000 sichidya mphepo. Chimafuna magetsi, alonda, osesa, okonza denga. Eni ake a Dome adali thumba la penshoni la ogwira ntchito ku Sasol, kutanthauza kuti phindu lake lidali ndalama za ukalamba wa anthu enieni, ndipo oyang'anira thumba lotere alibe ufulu wokana ndalama chifukwa chokonda ukhondo wa chiyankhulo. Ndalama imene kampani sidalipire ikadafunidwa kwa wogula tikiti. Komanso palibe amene adakwapulidwa chifukwa chosatchula dzina la kampani. Yankho lina ndi lakuti pamalopa palibe dzina lamakolo limene lidafufutidwa. Chinyumbachi chidabadwa chili kale ndi dzina logulitsidwa, ndiye sitinganene kuti chidabedwa kanthu kamene chidalibe.

Ndiponso ife a ku Malawi tisafulumire kuloza chala, ngati kuti mayina otchedwa ndi boma ndiwo okhazikika. Bwalo lalikulu la ku Blantyre lidayamba ndi dzina la Rangeley, mmodzi wa akuluakulu a boma la atsamunda. Ufulu utabwera lidakhala Kamuzu Stadium. Ulamuliro wa matipati ambiri utabwera mu 1994 lidasanduka Chichiri Stadium, ndipo mu 2004 Bingu wa Mutharika adalibwezera dzina la Kamuzu. Andale nawonso amachita lendi mayina, kungoti amalipira ndi mphamvu m'malo mwa ndalama. Komabe ndikuona kusiyana. Kusintha kwa ku Chichiri kudali mkangano wokhudza mbiri yathu, ngakhale kuti udali mkangano wa nkhonya. Munthu akhoza kutsutsa kuti Kamuzu sadayenere ulemuwo, wina n'kumuyankha, mpaka dzuwa kulowa. Koma ndani angakangane ndi mnzake kuti pakati pa chakumwa chozizira ndi matikiti, choyenera kukumbukiridwa n'chiti? Dzina la ndale likhoza kukhala bodza. Dzina la lendi silifika n'komwe ponama, pakuti silinena chilichonse chokhudza malowo.

Yankho limene lidandigwedeza kwambiri lidachokera m'misewu ya Blantyre momwemo. Mandala ndi dzina limene anthu adapatsa John Moir wa kampani ya African Lakes chifukwa cha magalasi ake a m'maso. Lidachoka pa munthu kupita pa kampani, kuchoka pa kampani kupita pa dera lonse. Wenela, pamene timakwerera mabasi, ndi dzina la bungwe limene linkalemba azibambo athu ntchito ya ku migodi ya ku Joni. Makampaniwa sadalipire aliyense kuti mayina awo akhale pakamwa pathu, ndipo ntchito zimene adadzera zidatha kalekale, koma mayina tidawasunga tokha, pamodzi ndi zowawa zake zomwe. Ku Johannesburg komweko kuli FNB Stadium, bwalo limene lanyamula dzina la banki kuyambira pamene lidatsegulidwa mu 1989. Mandela adayankhulirapo kwa khamu la anthu atangotuluka m'ndende mu 1990, ndipo mwambo womukumbukira udachitikira pomwepo mu Disembala 2013. Lero munthu akatchula zilembo zitatuzo polankhula za bwalolo, sindikhulupirira kuti amaganiza za ngongole za ku banki. Dzinalo lidakhalitsa mpaka anthu adalilanda, n'kulidzaza ndi zawo.

Zitsanzo zimenezi zidandikakamiza kuchepetsa mlandu wanga. Vuto si ndalama, ndipo vuto si kampani. Dzina la malonda likhoza kuzika mizu ngati lapatsidwa nthawi. Chimene ndikudandaula nacho ndi dzina lobwera litanyamula kale tsiku lake lonyamukira. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo adanena mawuwa potilangiza kuti tizimusamala mlendo poti sakhalitsa. Koma mlendo uyu ndi wachilendo ndithu: akufuna kuti mudzi wonse utchedwe dzina lake pa masiku amene agonepo, kuti ana obadwa m'nyengoyo azidzati tidabadwira kwa uje, iye atapita kale kukagona kwina. Amadyerera chikumbumtima cha anthu, koma sakhala kuti achisenze.

Kulemera kwa chikumbumtima kumaoneka bwino pakagwa zovuta. Pa 11 Epulo 2001 anthu 43 adafa poponderezana pa bwalo la Ellis Park, mu mzinda womwewu, pa masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates. Mu 2008 bwalolo lidatchedwa Coca-Cola Park, ndipo pambuyo pake lidadzatchedwanso Emirates Airline Park. Koma ngoziyo idakhalabe ya ku Ellis Park. Palibe wolemba mbiri amene angaitche ndi dzina la kampani, ndipo palibe kampani imene ingafune kuti itero. Apa mpamene pamaonekera malire a mgwirizano wa lendi: kampani imagula chisangalalo cha malowo, osati maliro ake. Wotcha dzina wa kwathu uja amapezeka pa ukwati, amapezekanso pa siwa. Dzina limene lingathe kunyamula mbali imodzi yokha ya moyo wa malo, ine ndimalikayikira ngati lili dzina n'komwe. Mwina tingolitcha chovala. Ndipo mu 2010, pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse, zidaoneka kuti chovalachi chimavulidwa mosavuta: malamulo a FIFA sadalole mayina a malonda pa mabwalo, choncho kwa mwezi umodzi Coca-Cola Park idakhalanso Ellis Park, ndipo FNB Stadium idatchedwa Soccer City.

Nanga anthu a ku Johannesburg adachita chiyani ndi mayina asanu a chinyumba chawo chija? Adachita zimene oyankhula amachita nthawi zonse: adatola mawu amodzi amene sankasuntha, n'kutaya ena onse. Kwa iwo chidali The Dome basi. Pa 31 Okotobala 2015, m'chaka chomwe dzina la Ticketpro lidakhomedwa, Cassper Nyovest, woyimba wachinyamata wa ku Mahikeng, adachita chinthu chimene ambiri ankati n'chosatheka: adadzaza chinyumbacho ndi anthu popanda kudalira woyimba wotchuka wa kunja. Chochitikacho adachitcha Fill Up The Dome, kutanthauza kuti tiyeni tidzaze Dome. Usiku umene umakumbukiridwa kwambiri m'mbiri ya malowo ulibe dzina la kampani yolipira lendi m'mutu wake. Evans akadakhala ndi moyo akadasangalala nacho chitsanzochi. Ine ndemwe ndidasangalala nacho kwa nthawi yaitali, ndipo ndinkachipereka kwa ophunzira anga monga umboni wakuti lilime la anthu siligulika lonse.

Ndidasiya kuchipereka mokondwera chotero chifukwa cha zimene zidatsatira. Mu Malichi 2020 boma la South Africa lidaletsa misonkhano ikuluikulu chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo nyumba yodalira khamu idakhala yopanda khamu. Chaka chotsatira eni ake adaigulitsa. Pamene panali nsanja padadzaza galimoto zogwiritsidwa kale ntchito, zondandalikidwa m'mizere, iliyonse ndi mtengo wake. Kwa zaka 23 chinthu chidakhala chomwecho dzina likusintha. Tsopano chinthu chidasinthiratu, ndipo chimene chidatsala ndi dzina. Kampani yatsopanoyo sidataye mawu akuti Dome. Idawasunga, pozindikira kuti aliyense mu mzindawo amadziwa njira yopita kumeneko. Dzina limene anthu adalisamala, limene adalidzaza ndi nyimbo ndi thukuta lawo, ndilo lidakhala gawo la katundu wogulidwa, ndipo pa ilo panalibe lendi yoti wina alipire.

Izi zimandichititsa manyazi pang'ono monga munthu wa zachiyankhulo. Ife timakonda kukhulupirira kuti wosunga dzina wasunga chinthu. Anthu a ku Johannesburg adapambana pa nkhondo ya dzina, koma nkhondo ya nyumba sadaitanidwe n'komwe, chifukwa nyumbayo sidali yawo ngakhale tsiku limodzi. Mwina kusinthasintha kwa mayina kuja kunkanena zoona zimene dzina lokhazikika likadabisa, zakuti malo amene tinkawayesa bwalo la mudzi adali sitolo kuyambira pachiyambi, ndipo ife tidali ogula, osati eni mudzi. Wolowa ufumu kwathu akavala dzina la womwalira amasenzanso milandu yake, amasiye ake ndi manda a makolo ake. Apa dzina lidalowedwa popanda udindo uliwonse wa kwa amene adalilera, ndipo palibe lamulo limene lidathyoledwa.

Pali kanthu kamodzi ka galamala kamene sindingathe kukasiya. MTN, Coca-Cola ndi Ticketpro ndi mayina chabe. Koma WeBuyCars m'Chingerezi ndi chiganizo chathunthu, chokhala ndi mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani, ndipo mwininkhani wake ndi ife: timagula galimoto. Mphwanga wina amene amagwira ntchito ku Joni, yemwe adali m'khamu lija la 2015, adandifotokozera kuti adabwererako kukafuna kagalimoto kotsika mtengo. Ndidamufunsa kuti malowo amawatcha chiyani masiku ano. Adati, "Ndi ku Dome komwe kuja, malume." Kenaka adaonjeza kuti adayesa kupeza pamene adaima usiku uja, koma mizere ya galimoto idamusokoneza, ndipo wogulitsa wina, pomuona akuyang'ana kudenga, adabwera kudzamufunsa ngati akufuna yaing'ono kapena ya lole.